Nang'omba ndi Mzinga Wotsiriza wa Bwana Masaya

Padangokhala. Vomerani bwino kuti tili tonse, musandiyankhe ngati muli ndi mbatata m'kamwa, chifukwa nkhani iyi ineyo imandiumitsa kukhosi.

Padangokhala dziko la nyama ndi mbalame limene linkalamulidwa kuchokera kutsidya la nyanja yamchere. Mfumu ya kumeneko sinapondeko ndi tsiku limodzi lomwe. Inkangotumiza bwanamkubwa, akhale zaka zisanu, achoke, kubwere wina. Ndipo panali mwambo umene sunkasweka: abwanamkubwa awiri asaonane m'dziko limodzi. Watsopano akamatsika kudoko, sitima inkaomba mizinga khumi ndi isanu ndi iwiri. Wakale akangomva wotsiriza ankakwera machila pomwepo, n'kudzera njira yakuseri yotulukira kudoko la dziko lina, osacheuka, osafunsa. Nang'omba ankaudziwa bwino mwambowu. Iye anali kapitawo wa anyani onyamula machila, ndipo ndiye anaperekeza bwanamkubwa wakale, Mphaka wokalamba, amene anasiya tiyi m'kapu akadali wotentha.

Wolowa m'malo mwa Mphaka anali Galu wamkulu wa masaya olendewera. Sabata isanathe dziko lonse linkamutcha Bwana Masaya, kumbali, monong'ona. Galu ameneyu anabadwira kuseri kwa khitchini ya mfumu. Anayamba ngati kalaliki pa kachilumba kena, kenaka anapatsidwa boma limodzi m'dziko la mchenga, kenaka anakakhala wachiwiri kwa bwanamkubwa kwinakwake, ndipo akakwera udindo chipewa chake chinkakulanso. Chipewa chimenecho ndiye chinali imfa ya mbalame. Chinali cha nthenga zoyera, ndipo ankafuna zatsopano chaka ndi chaka pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu. Zothothoka zokha ankazikana, ati ndi zofota. Ankafuna zozula mbalame ili moyo, ndipo mbalame yozulidwa chotero sinkatha masiku atatu.

Tsiku limene Bwana Masaya anatsika sitima, mwamuna wa Nang'omba anali m'gulu la okaonerera kudoko. Mzinga woyamba utangoti guu, mbalame zonse zinabalalika, iyenso n'kuuluka. Mwina inu simunamuonepo nang'omba ali m'mwamba. Akamayenda pansi ndi wakuda bii, koma akatambasula mapiko, kunsonga kuli nthenga zoyera mbee, zazitali kuposa za kakowa. Bwana Masaya anaziona nthengazo mu utsi n'kuloza. Asilikali anaombera, bamboyo anagwera mumtsinje, madzi n'kupita naye. Chimene anavuula ndi nthenga imodzi yokha. Bwana anaisomeka patsogolo penipeni pa chipewa, nalumbira kuti tsiku lina adzaupeza mtundu wa mbalame yakuda imeneyo, poti mu utsi muja nkhope sanaione.

Nang'omba anabwerako koperekeza Mphaka n'kupeza maliro opanda mtembo, ndi dzira limodzi m'chisa. Dziralo linaswa mwana wamkazi, namutcha Ndaziona. Anang'omba sabereka ngati nkhuku, ayi. Mwana amakhala mmodzi, zaka n'kumapita. Abale onse anathawa m'dzikomo wapansi, koma kapitawo akanathawa bwanji, dzina lake likuitanidwa m'mawa uliwonse? Choncho anatsala, ndipo Ndaziona anakula osadziwa kuti mapiko ndi a chiyani. Akangoyesa kukupiza, mayi ake ankamujompha pamutu mpaka alire, kenaka n'kulira naye limodzi.

Tangoganizani ntchito ya mayiyu. Tsiku ndi tsiku kuyenda patsogolo pa machila, nthenga ya mwamuna wake ikugwedera kumbuyo kwake.

Anyani sathamanga ndi machila popanda nyimbo, ndipo woitsogolera anali Nang'omba. Masiku amenewo nkhope yake inali yakuda yosalala, mawu ake okoma zedi, omveka midzi itatu. Nyimboyo inkauza aliyense wa choyera pathupi kuti agone m'fumbi chifukwa chipewa chikubwera, ndipo anyani ankavomera pamodzi ndi mapazi, kufunsa kuti kodi atsala angati. Bwana Masaya chinenero cha m'dzikomo sankachidziwa, ankalankhula ndi okhawo omva chake, monga Nang'omba ndi Sajeni Fisi, mkulu wa asilikali. Ndiye ankangogwedeza mchira m'machilamo, ati akumutamanda. Nyimboyo inapulumutsa ambiri, koma osati onse. Chaka chachitatu akakowa anatha psiti. Chachinayi nkhunda zoyera zinatha. Pofika chachisanu Bwana ankangokhala pakhonde, kutembenuzatembenuza nthenga yaitali ija.

Tsiku lina analamula kuti mbalame zonse zakuda zifole pa boma, iliyonse ikweze phiko kuchita sawasha, Sajeni Fisi aziyang'ana kunsi kwa phikolo. Nang'omba anafika atakulunga mapiko ake ndi a mwana wake m'nsalu yamaliro. Bwana anafunsa kuti nsanza zimenezo ndi za chiyani.

"Ndife anamfedwa, Bwana," anatero Nang'omba atagwada. "Amuna anga anapita ndi madzi, mtembo sitinauone. Kwathu kuno maliro otero nsalu sitimasula mpaka mtsinje umene unawatenga utadzaza kasanu. Kwatsala kamodzi."

Mwambo woterewu kulibe, ndipo Fisi anamuyang'ana cham'mbali. Koma Bwana Masaya ankalemba buku la miyambo ya m'dzikomo, loti akadzabwerera kwawo akamutamande nalo. Anaitanitsa cholembera, nafunsa mtundu wa nsalu ndi mfundo zake, n'kulemba zonse mosamala. Kenaka anati adikira dzinja. Machila ananyamuka, nyimbo inayamba, ndipo tsiku limenelo anyani pofunsa kuti atsala angati mawu awo anali otsika.

Dzinja linabwera, mtsinje unadzaza, nsalu inamasulidwa. Ali pa ulendo woyendera maboma anapeza mlatho utakokoloka. Bwana anatulutsa mutu m'machila, nati kapitawo atenge chingwe aulukire nacho kutsidya akamange, kuti anyani awoloke atagwirira. Ananena akumwetulira, ndipo galu akamwetulira mano onse amakhala pamtunda.

Nang'omba anagwadanso m'matope, nati iye kuuluka angathe, koma akauluka adutsa pamwamba pa chipewa cha mfumu, ndipo mapazi ake amatope akhala pamwamba pa nthenga za boma. Kodi m'maiko onse amene Bwana analamulira, alipo amene anachitapo chipongwe chotero? Bwana anaganiza, masaya aja akugwedera, nati palibe. Ndiye Nang'omba anaitana Mvuu, nakwera pamsana pake chingwe chili kukamwa, mapiko atawapana ngati wamva chisanu. Bwana analemba m'buku kuti mbalame za dziko lino zimadziwa ulemu.

Koma galu wamkota sakandira pachabe. Atawoloka, Bwana anavula chipewa, nanunkhiza nthenga yaitali ija. Kenaka anayandikira Nang'omba, mphuno yake yozizira n'kuifikitsa paphiko penipeni, nanunkhizanso.

"Fungo ndi limodzi," anatero Bwana motsitsa mawu.

"Ndayenda ndi chipewa chanu zaka zisanu, Bwana," anayankha Nang'omba. "Chikanalephera bwanji kundilowerera?"

Bwana anavala chipewa, nakwera machila. Nyimbo inayamba, koma woitsogolera mawu ankamuthawa.

Atabwerera ku boma Bwana analengeza za perete wa tsiku la mfumu. Anati akuluakulu a dziko lino ali ndi miyambo yambiri ndi ulemu wambiri, koma ana alibe zonsezo. Choncho chaka chino ana a mbalame zonse adzauluka pamaso pake, banja ndi banja, Sajeni akaliza wezulo. Ndipo kuti pasakhale wodandaula za ulemu, chipewa adzachipachika pamwamba pa mtengo wa mbendera, ana adzadutse m'munsi mwake. Ponena zimenezi maso ake anali pa Nang'omba. Kunali kutatsala masiku asanu.

Mayiyu anakanda mwaye kudenga la khitchini, nasakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kupaka nthenga zoyera za Ndaziona imodziimodzi mpaka zinada bii. Zinaoneka bwino ndithu, ngakhale inu mukananamizika. Koma kutatsala masiku awiri Bwana anayendera mzere wa ana. Atafika pa Ndaziona anayetsemula. Anayetsemulanso. Anati mwana uyu akununkha khitchini, ndipo pa perete wa mfumu sipafika uve. Analamula kuti abakha amusambitse ndi sopo, ndipo asabwererenso kwa amake, asungidwe pa boma mpaka tsikulo. Abakha anamusambitsa kuseri, anaona zimene anaona, ndipo sananene kwa aliyense. Anangotuluka akulira.

Nang'omba analoledwa kumuona mwanayo pa zenera la chitokosi.

"Amayi," anafunsa Ndaziona, "ndikauluka andizula ngati akakowa aja?"

"Wezulo ikalira usauluke. Utsinzine, uziwerenga mizinga."

Mwanayo anafunsa kuti mizinga yake iti, koma amake anali atatembenuka kale, kuopa kuti angawaone nkhope.

Tsopano mvetserani. Zaka zisanu za Bwana Masaya zinali zitakwana, ndipo miyezi iwiri inali itadutsa osalandira kalata yochokera kwa mfumu. M'mawa uliwonse ankafunsa ngati Gwape wonyamula makalata wafika, Sajeni Fisi n'kumayankha kuti misewu yaipa ndi mvula. Koma Nang'omba, poyenda wapansi moyo wake wonse, ankaona zinthu za m'munsi zimene ouluka saziona. Anapita kwa Fisi, namupatsa moni waulemu, n'kuyamikira lamba amene Fisiyo anamanga mkati mwa yunifolomu. Anati lambayo ngwokongola, akufanana ndi wa Gwape, mpaka chigamba chimene iye mwini anamusokera Gwapeyo chaka chatha.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

"Kudya wamakalata wa mfumu, a Sajeni, chilango chake mukuchidziwa kuposa ine," anatero Nang'omba. "Ine pakamwa panga mpotseka. Inu muchite zitatu. Banja la anang'omba muliike kumapeto. Bwana akandifunsa, munene kuti ndatsogola kukalambula msewu. Ndipo mukamva mizinga, mumuuze kuti mwangomva kumene zoti Gwape anakokoloka ndi kalata."

Anyani anamudulira nsungwi zaziwisi, zonenepa, chidutswa chilichonse chotseka mfundo uku ndi uku. Nsungwi yotero ukaiponya pamoto imaphulika, aliyense amene anaotchapo tchire akudziwa. Anazituta kupita nazo kuphanga la paphiri, mbali ya kudoko, kumene mphepo sikanatengera utsi ku mphuno ya Bwana. M'phanga phokoso limakula, limatuluka ngati la sitima. Nyani wamkulu anati adule zina zapadera, koma Nang'omba anakana. Ankaopa kuti ina ingagwere pamoto mwangozi n'kukwana khumi ndi isanu ndi itatu, Bwana n'kuzindikira. Anadula khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndendende. Apa ndi pamene wochenjera uja analakwitsa.

Tsiku linafika. Anyani anaima pa boma ndi machila awo monga mwa masiku onse, chipewa chili pamwamba pa mtengo wa mbendera. Nang'omba anali yekha kuphanga, moto uli lawilawi, ndipo ali pakhomo la phangalo ankaona bwalo lonse la perete. Wezulo inalira, ana a mpheta anauluka. Inaliranso, ana a njiwa anauluka. Nang'omba anatola nsungwi yoyamba ndi mlomo, naiponya pamoto.

Guu!

Mizinga ya sitima siithamanga, imapumira, ndipo Nang'omba ankadziwa kuti mpata wake ndi wofanana ndi ndime imodzi ya nyimbo ya machila. Ndiye ankaimba yekha m'phangamo, kuuza wa choyera kuti agone m'fumbi, n'kudzivomera yekha kuti atsala angati, kenaka n'kuponya ina. Wachiwiri. Wachitatu. Pofika wachisanu Bwana Masaya anali ataimirira, makutu ali njo. Fisi anafika, nanena za Gwape ndi kalata. Bwana anatukwana m'chinenero chake, nalamula kuti atsitse chipewa. Wakhumi. Anachivala. Wakhumi ndi chisanu. Anaponda mwendo umodzi m'machila, akuwerenga mokweza. Wakhumi ndi chisanu ndi chimodzi.

Nang'omba anaimba ndime yotsiriza, naponya nsungwi yotsiriza. Inangoti fyoo, kutulutsa thovu. Inali ndi kabowo ka anankafumbwe, kochepa ngati diso la singano.

Mayo ine, chete wake uja! Bwana anadikira. Anadikirabe. Kenaka anatsitsa mwendo uja pansi pang'onopang'ono.

"Khumi ndi isanu ndi umodzi si mwambo wa aliyense," anatero. "Sajeni, liza wezulo. Ana ena onse akhale pansi. Ndikufuna uyo wakumapetoyo."

Fisi analiza, nanga akanatani? Ndaziona anatsala yekha pakati pa bwalo, maso ali tsinzi, milomo ikuwerenga. Sanauluke. Bwana ananyamuka kupita komwe anali, osafulumira, asilikali awiri pambuyo pake.

Kuphanga kuja Nang'omba anaona zonse. Analowetsa mutu m'moto kuti atembenuze nsungwiyo, mwina mbali inayo iphulika. Nthenga za kumaso zinapsa, khungu linasupuka, khosi linatupa ngati thumba. Anaitembenuza kawiri, katatu, koma nsungwi inangolira fyoo mpaka kung'ambika mwakachetechete. Atatulutsa mutu anaona Bwana ataika dzanja paphiko la mwana wake.

Pamenepo anatembenukira mkati mwa phanga. Anakoka mpweya mpaka khosi lotupa lija linadzaza, nakumbukira mwamuna wake, akakowa, ndi zaka zisanu zoyenda patsogolo pa nthenga ija. Zonsezo anazitulutsa kamodzi.

Guu!

Phiri linagwedezeka. Bwana Masaya anauma pomwepo, dzanja lili paphiko. Kukoka kamodzi kokha akanaona chimene anachifuna zaka zisanu. Koma galu ameneyu sankaopa mkango, sankaopa mizimu, ankaopa chinthu chimodzi: kusekedwa kwawo kuti ndiye bwanamkubwa amene anapezedwa akadali pabwalo mnzake atafika. Anachotsa dzanja, nakonza chipewa, nakwera machila osacheuka. Anyani anathamanga naye njira yakuseri masiku makumi awiri, ndipo ulendo wonsewo sanaimbe.

Mukuganiza kuti kwawo anakamulanga? Ayi ndithu. Kalata imene Fisi anadyera limodzi ndi Gwape inali yomuitana kuti abwerere, wolowa m'malo mwake adzabwera chilimwe. Anakafika, anamuveka mendulo, buku lake linasindikizidwa, ndipo muli mutu wonse wonena za mbalame yokhulupirika imene inkamuimbira nyimbo zomutamanda. Anakalamba akuotha moto mpaka mano anagweruka. Chipewa anachiika m'bokosi lagalasi, nthenga ya bambo a Ndaziona ili patsogolo pomwe paja.

Koma tibwerere pabwalo tsiku lija. Nang'omba anatsika phiri akudzandira, maso akuona mwa chimbuuzi. Nyama ndi mbalame zinamupatukira, zina kubisa ana kumbuyo, poti nkhope ndi khosi zinali zofiira psuu, zosazindikirika. Ndaziona anali chiimire pamalo pomwe paja, akadali chitsinzinire, chifukwa panalibe amene anamuuza kuti zatha. Amake anafika pafupi, mtima utadzaza, natsegula pakamwa kuti amuitane dzina.

Chimene chinatuluka ndi mzinga.

Mwanayo anatsegula maso, naona chinthu chofiira chili pamaso pake, ndipo anachita zimene anachita bambo ake kudoko. Anatambasula mapiko n'kuuluka. Nthenga zija zinati mbee padzuwa, zotsukidwa ndi sopo wa boma, dziko lonse likuona, ndipo panalibe woloza chala, panalibe woombera. Nang'omba anali asanamuonepo mwana wake m'mwamba. Anafuna kumuuza kuti bwerera, ndine mayi ako, koma mawu okoma aja anali atatsala m'phanga. Akaitana, guu, mwana n'kukwera. Akaitananso, guu, mwana n'kupitirira. Kachitatu sanaitane. Anakhala pansi m'fumbi, nayang'ana mpaka kadontho kaja kanazimirira. Mwana wake anali moyo, ndipo n'chimene ankafuna, koma analira tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro opanda mtembo.

N'chifukwa chake mukamva nang'omba m'mamawa akuti guu, guu, akuyenda pang'onopang'ono, nkhope ili psuu, kusuzumira uku ndi uku, musamugende. Akuitana Ndaziona, ndipo mawu ena alibe.

Yanga yathera pompo. Amene anaika mbatata pamoto akaphule yekha, ine kumoto lero sindiyandikirako.